Anatsanzika Okha

Ku bekale ankawatchula kuti Mayi Chotupitsa, chifukwa ufa ukadutsa m'manja mwawo buledi ankafufuma ngati masaya a khanda. Dzinalo ankalikonda. Linayamba kuwawa pamene adokotala anawapeza ndi chotupa m'bere lamanzere n'kunena kuti ndi khansa.

"Chotupitsa chalowa kolakwika," anatero wotentha uvuni, ena n'kuseka chobisa.

Mayiwo sanabise kanthu. Analowa mu ofesi ya abwana, natseka chitseko, n'kufotokoza kuti akukachitidwa opaleshoni, ndipo akachira adzabwerera pa tebulo lawo. Ana awo awiri ankadya za m'manja omwewo.

Abwana anagwira pamtima. "Ayi, mayi, simungachoke chonchi ngati mlendo. Tikupempherereni kaye."

Pa tsiku lonyamuka makina anazimitsidwa, antchito onse n'kusonkhana pakati pa matumba a ufa. Anaimba, anapemphera. Abwana anawapatsa bulangete latsopano nati, "Lankhulaniko mawu, mayi."

Mayi Chotupitsa, misozi ili chuchuchu, anathokoza aliyense, ngakhale wa uvuni uja. Anapepesa ngati panali amene anamulakwira pa zaka zonsezi, monga achitira munthu wokagona pansi pa mpeni. Pomaliza anati, "Tsalani bwino, abale anga."

Anabwerera patapita miyezi, ataonda, mpango utabisa mutu wopanda tsitsi. Mlongo wawo, dalaivala wa lole, anawaperekeza. Pa tebulo lawo anapezapo mayi wina akukanda ufa, atavala epuloni yawo yomwe, yokhala ndi chigamba pathumba.

"Mwabwera kudzationa? Mwachita bwino!" anatero abwana akutuluka mu ofesi.

"Ndabwera kuntchito, bwana."

"Ntchito iti, mayi?"

Mlongo uja anasendera kutsogolo. "Bwana, lamulo sililola kuchotsa munthu chifukwa wadwala."

"Zoona, achimwene. Nanga wachotsedwa ndani?" Abwana anatambasula manja. "Alongo anuwa anatsanzika okha, anthu onsewa akumva. Mphatso analandira. Kodi munthu wongopita kuchipatala amapepesa anzake zolakwa za zaka zonse?"

Kenaka anaitana wokulunga buledi, mnzawo wa mayiwo amene ankamwera naye tiyi m'kapu imodzi.

"Iwe, tsiku lija mayiwa anati chiyani?"

Mayi Chotupitsa anamuyang'ana modekha. Uyu ndiye anawagwira dzanja popemphera paja. Wokulunga buledi anayang'ana pansi, zala zikufinya pepala la pulasitiki. Nayenso anali ndi ana.

"Anati tsalani bwino."

"Ananena kuti adzabwera?"

"Ine sindinamve."

"Asisi," anatero mayiwo motsitsa, "koma ndinanena."

Apo m'pamene Mayi Chotupitsa anakumbukira. Ananenadi, koma mu ofesi muja, ndipo chitseko anachitseka ndi iwo omwe, mwaulemu.

Mlongo wawo anayamba kukweza mawu. Wa uvuni anayatsa makina osakanizira ufa, mawuwo n'kumira m'phokoso. Mayi watsopano uja sanatukule mutu.

Abwana anatenga buledi awiri otentha, nawaika m'manja mwa Mayi Chotupitsa. "Mukawapatse ana. Ndipo muzidya, mwatha thupi."

Manja analandira okha, poti anazolowera. Pakamwa panatsala pang'ono kutuluka zikomo, koma anamumeza. Anatembenuka pang'onopang'ono, buledi akuwawotcha pa chilonda, nalunjika kukhomo.

"Aa, mayi!" anaitana abwana kumbuyo kwawo. "Lero simutitsanzika?"