Dzina la Malemu Casilda

Anselmo ankathira nyama m'matumbo a nkhumba uku akulongolola, ndipo masoseji ankatuluka okhotakhota. Mng'ono wake Eusebio ankangomanga ndi ulusi. Unali mwezi wa Disembala, nyengo yozizira m'dzikolo, sabata yophera nkhumba, ndipo banja linasonkhana kukhitchini kwa Eusebio monga chaka chilichonse. Aka kanali kachiwiri kupha nkhumba chimwalirire Casilda, mkazi wa Eusebio.

Pafupi ndi moto panakhala Nuria, mkazi wa Rodrigo, mwana yekhayo wa Eusebio. Anali woyembekezera.

"Mnyamata!" anatero Anselmo, akumuloza ndi chala chofiira ndi tsabola. "Ine ndinabereka atsikana okhaokha, adzukulu onse anapita ndi maina a eni ake. Koma uyu ndi Sanz weniweni. Mwamutcha ndani?"

"Julián Sanz Herrero," anayankha Nuria. "Sanz la bambo ake, Herrero langa. Ndipo chalacho chichotseni, bambo aakulu, mungamuyetsemulitse."

Eusebio anapukuta m'manja. Anatulutsa pepala m'thumba la jekete n'kuliika patebulo pamaso pa Rodrigo.

"N'chiyani ichi, bambo?"

"Werenga."

Linali pepala lochokera ku ofesi yolembetsera maina kutauni ya Soria. Eusebio anakalitenga yekha Lolemba, pa basi yam'mawa, osauza munthu. Linkanena kuti munthu wamkulu akhoza kutembenuza maina ake awiri a banja, la bambo ndi la mayi, la mayi n'kukhala patsogolo.

"Ndiwe Sanz Fuentenogal," anatero Eusebio. "Mwana amatenga loyamba lokha. La amayi ako lithera pa iwe. Tembenuza mwanayu asanabadwe."

Anselmo anasiya chopukusira nyama.

"Iwe Eusebio, mutu ukuyenda bwino? Ukutaya dzina la makolo? Sanz! Ana a Sancho!"

"Sancho uti?"

"Sancho... wakalekale."

"Wophika buledi ndi Sanz. Wapositi ndi Sanz. Palibe m'bale wathu. Silingathe limenelo, achimwene."

"Koma lathuli litha!"

Eusebio anadula ulusi, n'kupachika soseji pamtanda.

Nkhani ya dzina linalo ankaidziwa onse, chifukwa Casilda ankaikamba chaka ndi chaka pa tebulo lomwelo. Fuentenogal kanali kamudzi ka kuphiri, nyumba khumi ndi ziwiri, kasupe ndi mtengo umodzi waukulu. Amuna akumeneko ankatsika ndi nkhosa kumwera nyengo yozizira ikayamba, ulendo wa mwezi wathunthu. Anthu akumwerako sankadzivutitsa ndi maina a abusa. Ankangowaitana ndi dzina la mudzi wawo, ndipo linawakakamira mpaka wansembe analilemba m'buku la ubatizo. Nkhosa zinatha, anthu anasamuka, madenga anagwa. Mlongo wake wa Casilda anamwalira wopanda mwana. Eusebio anafufuza m'buku la matelefoni la chigawo chonse, tsamba ndi tsamba. Sanapezemo ndi mmodzi yemwe wa dzinalo.

Rodrigo anakanda m'mutu.

"Bambo, chiphaso, laisensi, kuntchito, zonse kusintha. Zimenezo si kanthu. Koma anthu adzati ndakukanani."

"Wakutuma ndine."

"Kumowa adzanena zoposa pamenepo," anatero Anselmo. "Adzati mwanayu sanali wako, malemu anaulula akumwalira."

"Amuone mphuno. Ndi yanga yeniyeni."

Nuria anaphulika kuseka, mpaka anagwira m'chiuno. Rodrigo anagwira mphuno yake mosadziwa. Anselmo yekha ndiye sanaseke.

"Bambo athu akanakhala moyo, sukanayerekeza."

"Bambo athu anagona pabedi zaka zisanu ndi zinayi m'chipinda icho," anatero Eusebio. "Ankawasambitsa ndi Casilda. Ankawadyetsa ndi Casilda. Inu munkabwera Lamulungu."

Anselmo anavula epuloni, anaiponya pampando, n'kutuluka. Masoseji ake anawasiya m'beseni.

Eusebio anakhala pa chopukusira n'kupitiriza ntchito pomwe mkulu wake anasiyira. Sanathamangire kukamupepesa. Zimene ananena zinali zoona, ndipo anali atazisunga nthawi yokwanira.

"Julián Fuentenogal Herrero," anatero Nuria pang'onopang'ono, ngati akulawa msuzi. "Kutalika ngati njanji. Kusukulu azidzamaliza kulemba dzina anzake atapita kale kokadya. Koma ine ndalikonda, apongozi. M'kalasi simudzakhala wina woti asokonezane naye."

"Iwe usakolezere moto," anatero Rodrigo. Anatembenukira kwa bambo ake. "Nanga inu? Mdzukulu wanu yekhayo, osatenga dzina lanu ngakhale kumapeto. Sizidzakuwawani?"

"Zidzandiwawa."

"Ndiye bwanji?"

"Ine ndilipo. Mwanayo akandifuna, adzagogoda pakhomo. Agogo ake aakazi adzawapeza kuti?"

Rodrigo anayang'ana pepala lija nthawi yaitali. Kenaka analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la malaya.  Lachinayi m'mawa anaimitsa galimoto pakhomo n'kuliza hutala. Anapeza Eusebio atavala kale jekete la kutchalitchi, wokonzeka kupita naye ku ofesi ija.

Anselmo sanalankhulenso ndi mng'ono wake nyengo yonse yozizira. Akamuona pamsewu ankawolokera tsidya lina. Eusebio ankamupatsa moni ndithu, tsiku lililonse, mokweza.

Mwezi wa Febuluwale, masana ena, bambo ndi mwana anakhala pabenchi m'chipatala. Madokotala anali atamulowetsa Nuria kuchipinda cha opaleshoni, ndipo panali patadutsa ola. Rodrigo ankangoyang'ana nsapato zake. Chitseko chinatseguka, namwino anasuzumira atagwira pepala.

"Bambo Fuentenogal?"

Palibe ananyamuka. Amuna ena awiri pabenchipo anayang'anana.

"Bambo Fuentenogal alipo? Mayi ndi mwana ali bwino."

Eusebio anali asanamvepo dzinalo likutchulidwa mokweza chichokere kumanda kokaika Casilda. Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Kenaka anagunyuza mwana wake ndi chigongono.

"Dzuka. Akuitana iwe."