Dzina la pa Ndowa

Ku kalabu yopalasa bwato ya ku San Roque kuli ndowa yabuluu yokapira madzi, ndipo ndowayo ili ndi lamulo lake: amene wasanza m'bwato, dzina lake limalembedwa pamenepo ndi penti, silichokanso mpaka wina atasanza. Chaka chathunthu dzina la pandowapo linali la Manang Perla. Kumeneko mayi wamkulu amamutchula mwaulemu kuti Manang, bambo kuti Manong.

Komatu Perla sanali munthu wa mseru. Nyanjayi anaipalasa ndi mwamuna wake Isko mpaka imfa inawalekanitsa. Maliro atatha, a kalabu anatuluka naye kukaponya maluwa pafupi ndi thanthwe limene malemuyo ankakonda kutembenuzirapo bwato. Pachiwongolero panali Crisanto, mwini sitolo ya matayala, munthu wa nthabwala zosapsa. Ataona kuti anthu akwinya nkhope, anati awaseketse, nagoneka bwato chopingasa mafunde. Bwato linayamba kupendamira uku ndi uku, ndipo Perla, amene chakudya chinali chisakulowa masiku amenewo, anasanzira maluwa ali m'manja momwemo.

"Lamulo ndi lamulo, Manang," anatero Crisanto masana ake, bulashi ili m'manja.

Kuyambira pamenepo ngakhale ogulitsa nsomba kumsika ankamutchula kuti Manang Ndowa. Iye ankaseka nawo, mano okha. Mumtima Perla anamuda Crisanto, ndipo chidanicho sankachita nacho manyazi.

Munthu wosunga chakukhosi amapenya bwino. Opalasa amakhala chofulatira kumene akupita, funde saliona likamabwera, mimba imangodzidzimuka. Woyang'ana kutsogolo ndi woongolera yekha. Perla anazindikira kuti Crisanto, ndi matama ake onsewo, zingwe za chiwongolero sazisiya. Ukamupatsa nkhafi ankati bondo likupweteka.

Koma pa chikondwerero cha woyera wa m'tauniyo mipando imasinthidwa: mayi wamkulu pa onse amaongolera, woongolera n'kugwira nkhafi. Amayi a zaka za m'mbuyomo ankangozungulira padoko pamene madzi ali bata. Chaka chino wamkulu anali Perla, ndipo mphepo yamphamvu ya nyengo ya mvula, imene amaitcha habagat, inali itautsa nyanja.

M'mawa wa tsiku la chikondwererolo Perla anafika ndi poto wofunda.

"Idyani, Manong Crisanto, lero mugwira ntchito. Soseji izi ndakazinga ndekha, za adyo, mafuta ake sindinakhetse."

"Mwaona? Manang Ndowa sasunga mangawa," anatero iye, akuwonjezera mpunga wokazinga ndi mazira.

"Ndisungirenji ine? Tengani inanso."

Anakankha bwato, opalasa anayi ndi Perla kumbuyo. Crisanto anakhala moyang'anizana naye. Kumbuyo kwa Crisanto kunali Consuelo, mlamu wake wa Perla, mlongo wake wa Isko, amene anali atangolowa kumene m'kalabu. Atafika pakamwa pa doko Perla sanakhote.

"Manang, tikupita kuti?" anafunsa Crisanto.

"Kuthanthwe. Palasani, bondo lisakudandaulitseni."

Kunjako mafunde anali aatali, obiriwira, obwera mwaulesi. Perla ankawadziwa ngati ana ake. Anakoka chingwe pang'ono chabe, bwato n'kugona chopingasa. Linakwera, linapendama, linatsika chammbali, mimba zonse n'kutsalira m'mwamba. Nthabwala za Crisanto zinatha. Thukuta linayamba kuyenderera m'khosi mwake, akumeza malovu pafupipafupi, ndipo Perla anamva kukoma kumene anali asanakumve chichokereni Isko.

Kenako anaona nkhope ya Consuelo. Inali itatuwa ngati phulusa, masaya atafufuma. Lamulo la ndowa limagwira woyamba kusanza. Consuelo akangoyamba, dzina n'lake, chaka chonse chodikira n'kupita pachabe. Kuwongola bwato kukanamupulumutsa mlamuyo, komanso kukanapulumutsa Crisanto.

Perla sanawongole.

"Consuelo, meza."

"Manang, sindi..."

"Ndati meza. Yang'ana phiri lili kumtundalo, usachotse maso. Achimwene ako akukuona." Ndiye anatembenukira kwa Crisanto ndi mawu ofewa. "Manong, soseji zija zinali bwanji? Mafuta aja ndinaona mukunyambita zala. Dzira lachitatu lija linali losapsa bwino, mundikhululukire."

Funde lalikulu linawanyamula chammbali. Crisanto anataya nkhafi, nagwira ndowa ndi manja onse awiri, ndipo chakudya chonse cha m'mawa chinabwerera ndi phokoso loti ngakhale mbalame za pathanthwe zinauluka. Consuelo anatsatira mosakhalitsa, koma aliyense anali ataona amene wayamba.

Apo Perla anawongola bwato, mphuno yake n'kuyang'ana mafunde, likukwera ndi kutsika mwaulemu. Pansi pa mpando wake anatulutsa kathumba ka pulasitiki. Munali maluwa oyera, ouma bwino, osadetsedwa. Anawaika pamadzi limodzilimodzi osafulumira. Crisanto anali chiweramire, ndowa ili pakati pa miyendo.

Atafika kumtunda, Crisanto anati adzambatuke kupita kugalimoto.

"Manong," Perla anamuitana. M'manja mwake munali kachitini ka penti yofiira, ija ya pansi pa bwato, yosasuluka ndi mchere. "Yambani mwaitsuka ndowayo. Penti sigwira pauve."

"Manang, zija zinali zocheza chabe."

Perla anamupatsa bulashi.

"Dzanja lanu ndi labwino, ndinaliona chaka chatha. Lembani zilembo zikuluzikulu, a kumsika asavutike kuwerenga."