Zala Zitatu za Ganizani

Ganizani wa kwa Kaphuka anali ndi mfuti ya gogodela yothamangitsira anyani m'munda. Asanathiremo wonga, ankayamba walowetsa ndodo yachitsulo mumpope wa mfutiyo. Ndodoyo ikamira yonse, ankadziwa kuti mulibe kanthu.

Tsiku lina aMisheck, amuna a mlongo wake, anabweza mfutiyo ataibwereka sabata yathunthu. Ganizani anatenga ndodo kuti ayese.

"Mulibe kanthu m'menemo," anatero aMisheck, nkhope ili gwaa. "Kapena mukundiyesa wabodza, alamu?"

Pakhonde panali alendo. Ganizani anachita manyazi, nakaika mfuti ija m'nyumba osayesa.

M'mawa mwake mkazi wake anakuwa kuti anyani alowa m'chimanga. Ganizani anathira wonga mwaphuma, natsindira, nathamangira kumunda. Atawomba, mpope unaphulika m'manja mwake, pakuti wonga wakewo unakhala pamwamba pa wina wakale. Zala zitatu zakumanzere zinatsala m'mizere.

AMisheck ndi mkazi wawo anakamuona kuchipatala atanyamula nthochi.

"Ndinathiramo Lachitatu, anyani osabwera, ndiye ndinaiwala," anatero aMisheck osamuyang'ana. "Komanso inu eni ake, osayesa bwanji? Pa mfuti sakhulupirira munthu."

Ganizani anayang'ana mlongo wake kuti mwina ayankhulapo, koma iye anangowerama n'kumakonza chitenje.

Chaka chimenecho khasu linamukanika. Munda wa mbatatesi anaubwereketsa, ndipo amene anaulima anali aMisheck omwewo. Pokolola anam'tumizira chidebe chimodzi, ati chipepeso.