Tsiku limene anayeretsa Favour

Ine ntchito yanga ndi sikelo. Ndimapima ana a ku Chanyanya, bungwe lathu n'kumawapatsa ufa wa phala. Za manambala ndi za Ba Collins, mnyamata wa ku Kafue Estates amene anakachita kakosi ku Lusaka n'kubwerako ndi laputopu ndi matama.

Otithandiza anafuna kudziwa ngati phalalo likunenepetsa ana. Ba Collins anaphatikiza makilo a ana onse, n'kugawa ndi chiwerengero chawo. Akuti avereji. Pa laputopu timadontho tonse toimira anawo tinali m'mwamba, koma kamodzi kali pansi pokhapokha. Kadonthoko kanali Favour, mwana amene ankangowonda ngakhale adye bwanji.

"Aka kakutikokera avereji pansi," anatero Ba Collins. "Ba Fridah, tiyeretse deta. Tiyambire Favour."

Kuyeretsa kwawoko n'kufufuta dzina, ndipo wofufutidwa salandiranso ufa. Ndinapsa mtima, koma ndisanatsegule pakamwa, amake Favour, amene anakhala pakhomo pa ofesi yathu mwana ali kumsana, anadzuka. Mayiyu ndi wa tchalitchi cha pente, wosaphonya mapemphero.

"Mwati mumuyeretsa? Aleluya! Abusa ananena kuti chikumudya mwanayu n'chiwanda."

Munthu wamtima akanawauza zoona. Koma Ba Collins, njoka ija, anangomwetulira.

"Bwerani mayi, mudinize nokha apa."

"Ba Collins, muope Mulungu!" ndinakuwa.

"Sikelo ija aliyense angaigwire, Ba Fridah," anayankha osandiyang'ana n'komwe.

Ndinabwerera pasikelo yanga, nanenso ndili ndi ana oti ndiwadyetse kwathu ku Nangongwe. Mayi uja anapukuta chala chonunkha nsomba pachitenje, n'kudiniza batani. Kadontho kaja kanangoti zii! Avereji inakwera. Iye anagwada, nthungululu, mpaka kulonjeza Ba Collins nsomba zouma.

Tsiku logawa ufa anabwera ndi kachidebe kake. Maina anaitanidwa onse, la Favour ayi. Mwanayo khosi linali lende, maso ali mbee. Ndinkaganiza kuti mayiyo alalata, mwina kutukwana, ndipo ndikanamuthandiza. Iye anangoyandikira tebulo mwaulemu.

"Ba Collins, dzina lake palibe. Ndiye kuti wachira eti?"

"Manambala sanama, mayi."

Anathokoza, namangitsa mbereko, n'kuuyamba wa ku Chanyanya akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Kachidebe anakasiya patebulo, akuti tipatse ena amene ana awo akudwala.