Matutu a m'Munda wa Abusa

Abusa a Elifasi Kafumbata anali munthu wosunga pakamwa. Izi ankazidziwa aliyense mu mpingo wawo, kuyambira ku Kabudula mpaka kumalire a Nsaru. Mukawauza za m'nyumba mwanu, zinkathera m'khutu mwawomo. N'chifukwa chake m'chaka cha 1955, mesenjala wa kuboma atatsika panjinga n'kunena kuti kukubwera bwana kudzafufuza amene anaulula chinsinsi cha komiti, abusawo sanachite mantha. Anangopsa mtima.

Nkhani yake inali iyi. Masiku amenewo boma linkalimbana ndi matutu, milu ija makolo ankadzalapo chimanga ndi mbatata. Linkafuna mizere yopingasa basi, ndipo wopezeka ndi matutu ankapita kukhoti. M'komiti ya malimidwe ya deralo munali bwana wachizungu, abusa, ndi mkulu wa mpingo Obadiya Msinkhu. Bwanayo anawauza awiriwa kuti akapitawo a zamalimidwe adzalowa m'minda modzidzimutsa mvula isanagwe, ndipo anawalumbiritsa kuti asauze munthu.

Tsiku litafika, akapitawo anapeza mwayera. Mudzi ndi mudzi matutu anali ataphwasulidwa, mizere ili ndondondo, eni minda atakhala pamthunzi n'kumawalonjera mwaulemu wonyanya: “Mwafika, mabwana? Pepani ndi dzuwali.”

Zikanathera pomwepo, koma mwezi wotsatira kunali chisankho cha munthu wokayimira deralo kukhonsolo. Ofuna mpandowo anali a Obadiya omwewo ndi Lyton Gwirize, mlimi wa fodya amene anakhalako ku Halale, yemwe anthu ankanong'ona kuti ndi wa Kongeresi, chipani chotsutsana ndi boma la atsamunda. Lyton anaitola nkhaniyo n'kuyenda nayo m'misika. “A Obadiya ankadziwa kuti mukumangidwa, koma anangoti chete! Ameneyo ndiye akakuyankhulireni kukhonsolo?” A Obadiya ataona anthu akuwathawa, anakwera njinga kupita kuboma kukanena kuti chinsinsi tinachimva awiri, ndipo ine sindinanene.

Mmishonale woyang'anira chigawo anatumiza mawu achidule: zikapezeka kuti abusa alowetsa mpingo m'ndale, Presbiterio, bwalo lalikulu la mpingo, iwasamutsa. Apa m'pamene panawawa. Tchalitchi cha pamenepo anaumba nawo njerwa zake ndi manja awo. Kuseri kwake, pansi pa mtengo wa mbawa, kunagona mwana wawo woyamba.

“Mayi a Rhoda,” abusa anafunsa akazi awo a Febe, amene ankasenda mtedza pakhonde, “kodi ine ndimayankhula kutulo?”

“Mumangoliza mkonono.”

“Ndikufunsa zenizeni.”

“Inenso ndikuyankha zenizeni. Kapena mkononowo ndiwo unatchula za akapitawo?”

“Nanga inu munazimva kwa yani?”

A Febe anaika lichero pansi. “Ndiye mwayambira ine, eti? Munthu amene simundiuza ngakhale kumene mukupita? Ine ndinamva kuchitsime, bambo a Rhoda, ndipo ndinali womaliza kumva. Anzanga anandiseka.”

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, abusa anawatsekera njira a Obadiya pamakwerero.

“Akulu a mpingo, tadyera mgonero limodzi zaka zonsezi. Simukanabwera kudzandifunsa kaye?”

“Ndikanafunsa chiyani, abusa? Mbuzi ikasowa m'khola la anthu awiri, wina amadziwa kumene yapita.”

“Ine sindinauze munthu.”

“Ndiye anaulula ndi mngelo,” anatero a Obadiya, navala chipewa asanatsike n'komwe makwerero.

Kafukufuku anachitikira m'kalasi ya sukulu ya mpingo. Bwana anakhala pa tebulo la aphunzitsi, pambali pake kalaliki womasulira, dzina lake Kenneth. Anthu anadzaza m'mawindo mpaka m'kalasimo munada. Abusa anagwira Baibulo n'kulumbira kuti sanauze munthu aliyense, ndi mawu kapena ndi kalata. Analumbira mtima uli m'malo, chifukwa chinali choonadi.

Kenako bwana anayamba kuitana alimi mmodzimmodzi. Funso linali limodzi: anakuuzani ndani kuti muphwasule matutu?

“Palibe anandiuza, bwana. Ndinaona a Amosi akuphwasula.”

A Amosi anati anaona alamu awo. Alamuwo anati anaona akazi awo akuthamangira kumunda ndi khasu chakudya chisanapse. Bwana nkhope inafiira ngati phwetekere. Anamenya tebulo, nati kodi dziko lonseli lilibe munthu wamakutu, onse ndi a maso okha? Kenneth anamasulira mofewetsako, koma anthu a m'mawindo anaseka ndithu.

Akazi a alamu aja, mayi Ezeliya, atafunsidwa anayankha akuyang'ana pansi. “Ine ndinazionera kumunda wa abusa, bwana.”

Apa m'pamene abusa anakumbukira.

Mpingo uliwonse unali ndi munda wa mbusa, ndipo Akhristu ndiwo ankaulima. Tsiku lake linali lodziwika chiyambire: mvula yoyamba ikagwa, aliyense atatha kudzala kwake, m'pamene ankasonkhana kwa abusa. Koma tsiku lija abusa akuchokera kukomiti, anadutsa pamundawo n'kuona matutu ali mbwee, akuluakulu ngati manda. Manyazi anawagwira. Munthu wa m'komiti n'kupezeka ndi matutu! Lamulungu lotsatira, pakati pa zolengeza za maukwati ndi maliro, anangoti chaka chino tilima munda wa mpingo Lachitatu likudzali, ndipo tikaphwasula matutu onse. Sanaganizeponso kanthu. Kwa iwo kunali kukonza pakhomo alendo asanafike.

Bwana anaitana Lyton. Analowa atavala jekete lake la ku Halale, manja m'thumba, mpaka Kenneth anamudzudzula.

“Abusa anakuuza chiyani?”

“Pakamwa pawo? Palibe, bwana. Abusa athuwa ngakhale mutawafunsa nthawi amayamba apemphera kaye.” Anthu anaseka. “Koma taganizani. Dzuwa lili phwee, nthaka ili gwa ngati mwala, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Munthu wachokera kuboma dzana, lero akuti bwerani mudzaswe matutu anga msanga. Kodi ife ndife ana? Tinaswa awo m'mawa, masana aliyense anali kwake.”

Abusa anaimirira osapatsidwa mpata. “Bwana, ine ndinalumbira kuti sindiyankhula, ndipo sindinayankhule!”

“Munalengeza m'tchalitchi?”

“Ndinalengeza za munda wanga.”

“Chifukwa munkadziwa kuti akapitawo akubwera?”

Abusa akanatha kunena kuti ayi, ndinangofuna kumvera lamulo. Palibe akanawatsutsa, pakuti za mumtima ndani amaziona? Anayang'ana Baibulo lija analumbirira, lili patebulo paja.

“Inde. Chifukwa ndinkadziwa.”

Bwana anatseka cholembera chake. Anati m'komiti musabwerenso, ndipo zotsalazo akamba ndi a mishoni.

Munthu akanayembekeza kuti mbali imodzi iwalandira. Sizinatero. A Obadiya ankauza akulu anzawo kuti abusa anachita dala, ndi wa Kongeresi wobisala m'kolala ya ubusa. Lyton naye sanawasiye. Pamsika wa Nsaru anakwera pangolo n'kumakuwa: “Musawayamike! Anakumbukira munda wawo, osati wanu. Mukanakhala ogona, bwenzi muli kundende, iwo akukupemphererani!” Mawu amenewa ndiwo anawalasa kwambiri abusa, chifukwa anayesa kuwatsutsa mumtima koma sanapeze poyambira.

“Ndikanawachenjeza poyera, bwenzi ndili wolumbira monama,” anadandaula kwa a Febe. “Ndikanasiya matutu, bwenzi ndili kukhoti. Ndinasunga pakamwa, ndiye ndalakwira boma, ndalakwira mpingo, ndalakwira anthu. Kodi munthu amayenera kutani?”

“Mukanandifunsa ine,” anatero a Febe. “Ndikanaswa ndekha pang'onopang'ono, anthu n'kumati amayi busa afuna mbatata zotsalira. Koma inu zonse mumafuna zolengeza.”

Tsiku la chisankho anthu anasonkhana pabwalo la sukulu. Kavotedwe kake kanali koima pamzere kumbuyo kwa munthu amene ukumufuna. Mzere wa Lyton unatalika mpaka kukhota pa chigayo. Wa a Obadiya unali wa akulu a mpingo ndi abale awo, ena akuyang'ana kumbali ngati angoima mwangozi. Abusa anaima pakati, pansi pa mlongoti wa belu.

“Bwerani kuno, abusa, mwatigwirira kale ntchito!” anakuwa wina wa pamzere wa Lyton.

“Pitani kwanu komweko!” anayankha wina wa pamzere wa a Obadiya.

Sanapite kulikonse. Anabwerera kunyumba kuwerenga kusanathe.

Presbiterio inagamula mu Febuluwale. Sinawapeze ndi bodza, inatero, koma mtendere wa mpingo unafuna kuti apite ku Chiwamba. Chimanga m'munda muja chinali chitamasula ngayaye, chobiriwira bwino m'mizere yake yopingasa, choti adzadye mbusa wina.

M'mawa wa tsiku losamuka, katundu ali kale pangolo, abusa anatenga khasu n'kupita kuseri kwa tchalitchi kukalambula pamanda a mwana wawo. Asanalime pambiri, anamva mapazi aima panjira. Anali mayi Ezeliya, mtsuko uli pamutu, maso ali pa khasulo.

“Abusa,” anafunsa monong'ona, “kodi kukubweranso chiyani?”

“Palibe, mayi. Ndi udzu chabe.”

Mayi Ezeliya anagwedeza mutu ngati amva. Kenako anatula mtsuko pambali pa njira, nakwinya nsalu yawo, n'kuthamangira kumudzi.