Botolo Limene Ndinadzazira Awa

Awa, mkazi wanga, tinamuika mwezi wathawu. Chiyambire tsiku limenelo mutu wanga ukungobwerera ku mabotolo awiri aja.

Chinali chaka cha 1989. Awa anali atabwera kuno ku Makanjira ndi azibale ake kuthawa nkhondo ya ku Mozambique, ine msodzi wa konkuno n'kumukwatira. Ndiye kunabwera dokotala wamkazi, a Leticia, nawonso akwawo komweko. Ankati anaphunzira za impso zokhazokha. Ine ndinaseka. Munthu zaka zonsezo kuphunzira kanyama kamene pa mbuzi timangowotcha n'kudya tili chiimire?

Iwo ankafuna kudziwa chifukwa chake anthu a m'mbali mwa nyanja timatupa mapazi n'kumafa tisanakalambe. Anagawa timabotolo, aliyense kake, kolembedwa dzina. Akuti mkodzo wa m'mawa.

Koma mphekesera inali itafika kale. Akuti othawa nkhondo opezeka ndi matenda awalanda khadi la ufa, awakweza lole kubwerera kwawo. Awa mapazi ake anali atayamba kutupa, nkhope m'mawa ngati walumidwa ndi njuchi.

"Che Abudu, ine kumene kuja sindibwererako," anatero. "Mukafuna mudzaze nokha, si inu mumamwa tiyi makapu anayi?"

Ndinadzazadi onse awiri. Ndinkaona ngati ndachenjera.

Mvula inadula msewu, a dokotala anabweranso patatha miyezi itatu. Anatipeza pakhonde, ine ndikusoka ukonde. Anayang'ana mapazi a Awa, anayang'ana m'buku lawo, anayang'ananso mapazi.

"Che Abudu, ndakhala ndikudabwa miyezi yonseyi. Inu ndi mayiwa mumagwirizana kwambiri, eti? Mpaka mazira a likodzo m'mikodzo yanu kuchuluka kwake chimodzimodzi."

Awa anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Ine thukuta.

"Mapazi awa ndi botolo lija sizikudziwana," anatero a dokotala. "Mayi, palibe akulandeni khadi. Inenso ndinawoloka malire omwewo wapansi."

Awa anapita kuseri ndi kabotolo katsopano. Atabwera, a dokotala anathira pang'ono m'kagalasi konga chala, n'kukawotcha pa kanyali. Ine ndinasendera pafupi. Mkodzo uja unachita mbuu, ngati choyera cha dzira chikagwera m'madzi otentha. Inenso anandipatsa kabotolo, n'kuwotcha wanga, koma sunasinthe.

"Chimenechi n'chiyani?" ndinafunsa.

Anandiuza kuti impso ili ngati ukonde wa maso aang'ono. Zoipa zimadutsa, zabwino zimatsala m'thupi. Wa Awa unali utang'ambika, chakudya cha thupi chinkangotayika. Kenako anandionetsa pa makina awo oonera tinthu tating'ono. Ndinatsinzina diso limodzi, ndinaona kadzira kokhala ndi kaminga kunsonga. Kanali kanga! Ndinakhala pamenepo mpaka khosi kuwawa. Zaka zonse ndinkakodza magazi n'kumati ndi mmene amakhalira mwamuna wa kunyanja.

Ndinafunsa ngati ukonde umenewo umasokeka. Anati ayi, koma ukhoza kuleka kung'ambika. Anatipatsa mapilitsi, analetsa Awa mchere. Mkazi wa msodzi kudya usipa wopanda mchere! Ankanditukwana tsiku lililonse, ine n'kumadya naye zozizira zomwezo.

Kuyambira pamenepo a dokotala anasiya kugawa mabotolo opita nawo kunyumba. Anamangitsa kampanda ka udzu, aliyense azidzazira pompo. Ankati m'mudzi mwathu mokha anapeza mabanja asanu ndi limodzi ochenjera ngati ine, ndipo anazilemba m'kafukufuku wawo.

Nkhondo itatha abale a Awa anabwerera, iye anatsala. Anakhala zaka zisanu ndi zitatu chichokereni tsiku la kanyali lija. Kumapeto anatupa thupi lonse, mkodzo unasiya kutuluka.

Sabata yatha ndinakwera lole mpaka ku boma, kumene a dokotala amabwera kudzaona odwala. Iwo imvi mbuu tsopano, koma anandizindikira. Ndinawafunsa chimene chikundisowetsa mtendere: miyezi itatu ija, ndikanapanda kudzaza botolo la Awa, bwenzi ali moyo?

Sanandinamize. Anavula magalasi, anati, "Che Abudu, sindikudziwa. Funso limenelo ndi limene ndakhala ndikulifufuza zaka zonsezi."

Ndinawauza kuti akadzapeza yankho atumize uthenga ku mzikiti wa kwathu, andipeza. Kenako ndinapempha kabotolo. Ndinadzaza kanga ndekha, dzina langa lomwe.