Njinga M'malo mwa Penshoni

A Silvester adaphunzitsa masamu zaka makumi awiri ndi ziwiri pa sekondale ina ya pulayiveti pa boma la Ntcheu, mpaka choko kuwalowa m'zikhadabo. Chiyambireni lamulo loti olemba ntchito azisungira antchito awo penshoni, eni sukuluyo, a Dyton, ankadula kangachepe pamalipiro awo mwezi ndi mwezi. Komwe ndalamazo zinkapita, a Silvester sadafunsepo. Akadafunsa bwanji? A Dyton adali mkulu wa mpingo womwe iwo ankapempherako, ndipo ndi amene adayendetsa mwambo paukwati wa mwana wawo. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Patatsala sabata kuti apume pantchito, adakwera minibasi kukaona kukampani yosunga penshoniyo ku Lilongwe. Mayi wa pakauntala adayang'ana pakompyuta napukusa mutu. Dzina lawo lidalimo, koma ndalama zidangolowa miyezi itatu yoyambirira basi.

Pobwerera mtima udawawawa zedi. Adaganiza za a Julius, mnzawo wa kukoleji, amene adakaphunzitsa sukulu ya boma. Masamu omwewo, choko chomwecho. Koma a Julius adali phee ku Tsangano, kulima kachewere, penshoni ikugwa mwezi uliwonse. Inde, adaiyendera kulikulu mpaka nsapato kutha, komabe idabwera.

Lachisanu kudali phwando lowatsanzika muholo ya sukulu. Aphunzitsi, makolo, kwaya, ngakhale abusa adalipo. A Dyton adalankhula mpaka thovu kukamwa, kenaka adakankhira kutsogolo njinga yatsopano yomangidwa maluwa apepala.

"Bambo Silvester," adatero, "boma lili ndi misonkho, ife tilibe. Zinthu zavuta, mukudziwa. Koma sitingakutayeni. Njingayi muziyendetsa kabaza, muzipezako ya sopo."

Amayi adaimba nthungululu. Tsono kwathu kuno munthu akapatsidwa mphatso pagulu amagwada nkuwomba m'manja, ndipo akatero nkhani yathera pomwepo, sangadzaidzutsenso. A Dyton ankadziwa zimenezi bwino lomwe, nchifukwa chake adaitana abusa.

Koma maondo a a Silvester adakana. Manyazi adali nawo, mantha adali nawo, koma mkwiyo udaposa zonse. Adaigwira njingayo, natsina matayala, nagogoda kaliyala ngati munthu wofuna kugula pamsika.

"Njingayi ndi yabwino," adatero mosakweza mawu. "Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, chifuwa chodzaza choko, koma kupalasa ndiyesa. Kungoti zomwe munkadula zija sizidali za misonkho ayi. Lidali thukuta langa, ndipo ku Lilongwe silidafike."

Aphunzitsi ena adayamba kuyang'anana, poti nawonso ankadulidwa.

"Aa, bambo, zimenezo tikambirana ngati abale," a Dyton adanong'ona, akuwagwira mkono.

"Ubale womwewo ndi umene wandisiya chimanjamanja," adayankha a Silvester. Adathothola maluwa aja, natembenuzira njinga kukhomo. "Kabaza ndayamba lero, ndipo woyamba kumunyamula ndinu. Kwerani tipite ku ofesi yoona za antchito. Ulendowu simulipira."

A Dyton adaseka, akumwazamwaza maso kuti apeze wowathandiza kuseka. Sadapezeke, ngakhale abusa. A Silvester adangoigwira njingayo kuti isapendeke, akudikira kuti bwana akwere.